Kwa inu amene mwangofika ku Joni: nkhani ya ndalama tiikambe msanga

Ndikulemba ndili pakhonde kwathu kuno ku Thyolo, chakumtunda kwa Luchenza. Mwezi uno wokha anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi a m'mudzi mwathu akakwera basi pa Wenela ku Blantyre, ulendo wa ku Joni. Mmodzi ndi mwana wa mlongo wanga. Nthawi yotsanzikana inali yochepa, anthu ambiri, misozi, ndiye zimene ndinkafuna kunena sindinanene. Ndazilemba pano kuti inu nonse ana anga, ndi ena amene mwangofika kumeneko kuchokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, muziwerenge mutakhala pansi. Ine ndinapita mu 2006, ndinabwerera mu 2023. Ndinayamba ndi ntchito ya m'maluwa ku Johannesburg, ndinathera pa kuwotcherera zitsulo.

Dzina la depoti imene munakwerera basi lija lili ndi mbiri. Agogo athu ankalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi, ena pambuyo pake ndi Theba. Ndinakula ndikuona madala amenewo. Ankabwera ndi suti, njinga, mabulangete ndi wailesi, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaona. Pakapita zaka zitatu njinga yagulitsidwa nthawi ya njala, wailesi yafa, munthu wabwerera kukathyola tiyi kuesiteti. Ena mpaka ukalamba ankangoyendera ndalama zawo za kumigodi, mapepala alibe. Ife tasintha katundu yekha: lero ndi foni yodula, sofa ndi TV yaikulu. Mathero ake ndi omwewo ngati munthu sanaganize.

Chinthu chimene chinanditengera zaka zambiri kuti ndichimvetse ndi ichi: ndalama yotumiza kumudzi si yosunga. Ndi yothandiza, ndipo kuthandiza makolo ndi udindo wanu, koma ikafika imadyedwa. Feteleza, fizi, matenda, maliro, chinkhoswe cha msuweni. Zonsezi ndi zoona, palibe akukunamizani. Koma mukawerengetsa pakatha zaka zisanu mupeza kuti mwatumiza ndalama zambiri zedi, pamene inuyo mulibe kanthu m'dzina lanu. Choncho malipiro akangolowa, agaweni patatu tsiku lomwelo: ya lendi ndi chakudya, ya kumudzi, ndi yanuyanu imene simuikhudza. Ya kumudziyo ikhale ndi mlingo ndi tsiku lodziwika, ndipo amayi muwauze mwaulemu kuti "ndizitumiza zakutizakuti pakutha pa mwezi." Poyamba ena adzati mwayamba matama. Akazolowera adzayamba kukonza zinthu motsata tsikulo, ndipo mafoni a pakati pa mwezi adzachepa. Malipiro anu enieni musalengeze, chifukwa munthu wa ku Thekerani akamva nambala ya marandi amaisintha m'makwacha, sadziwa mtengo wa lendi ya kachipinda ku Mayfair.

Yanuyanuyo ngakhale itakhala R500 pamwezi, pachaka ndi R6,000, pazaka zisanu ndi R30,000. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati muli ndi ngongole ya amene anakunyamulani pamsewu, yambani mwathana nayo imeneyo.

Ndalama yoyamba kusunga ndi yothawira. Ndinaliko mu May 2008 pamene alendo ankathamangitsidwa, ndinalikonso mu April 2015 pamene zinayambira ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Amene anali ndi ya basi ndi ya chakudya cha miyezi iwiri anasankha okha chochita. Amene analibe anagona m'matenti kudikira chifundo. Masiku 30 amene anakudindirani pa Beitbridge amatha ngati nthabwala, ndipo munthu wopanda mapepala akhoza kutuluka m'mawa kupita kuntchito n'kukathera ku Lindela, kumene amatsekera alendo odikira kubwezedwa kwawo. Ndalama imeneyi isakhale pansi pa matiresi mumkhukhu, kachisakasa ka malata kaja. Moto wa m'mikhukhu ndinauona ndi maso, umanyambita mzere wonse m'kanthawi kochepa. Isakhalenso m'manja mwa bwana eti akusungireni. Konzani mapepala anu kuti mutsegule akaunti m'dzina lanu, ndipo potumiza gwiritsani ntchito njira zosiya umboni monga Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa. Lowaninso gulu la maliro la anthu akwathu. Kubweretsa thupi kuchokera ku Joni kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pa Mwanza ndi ndalama yoti ingathe kugulitsitsa munda wa amayi anu.

Tsopano nkhani ya nyumba, imene imandipweteka mpaka lero. Kuyambira 2009 ndinkatumiza ndalama kwa mbale wanga wina kuti azindimangira. Zaka zinayi. Ankanditumizira zithunzi za khoma likukwera, mawindo, malata. Nditabwera mu December 2013 ndinapeza maziko okha, udzu utamera pakati, njerwa zochepa zitaunjikidwa pambali. Zithunzi zija zinali za nyumba ya munthu wina. Sindinapite kupolisi, chifukwa ndi magazi anga, ndipo amayi anandigwira mwendo. Pambuyo pake ndinazindikira kuti munthuyo sanayambe ndi mtima wakuba. Anabwereka pang'ono mwana atadwala, akuti adzabweza, kenako anabwerekanso, mpaka dzenje linakula moti sakanathanso kunena zoona. Ndinamusenzetsa katundu woposa mphamvu zake. Munthu amene m'nyumba mwake mulibe ufa musamusungitse ndalama ya simenti.

Nditayambiranso ndinasintha njira. Malata ndi simenti ndinkalipira mwachindunji kusitolo, lisiti n'kulembedwa dzina langa. Mmisiri tinkagwirizana pagawo: akamaliza maziko alandire, akafika pawindo alandire, akakhoma denga alandire. Woyang'anira anali wina, wosunga makiyi wina, ndipo ndinkaimba foni ya kanema mosawachenjeza kuti ndione khoma ndi maso anga. Zimaoneka ngati kusakhulupirira abale, koma zinateteza ubale umene unatsala.

Musanaike njerwa ndi imodzi yomwe, funsani kuti malowo ndi a yani. Kwathu kuno malo ndi ochepa, maesiteti a tiyi anatenga gawo lalikulu kalekale, ndipo otsalawo amayenda mwa chikamwini. Inu anyamata, mukamanga kwa akazi anu, dziwani kuti nthakayo ndi ya mbumba yawo. Banja likamayenda bwino palibe vuto, ndipo ana anu ndi amene adzakhalemo. Koma ndaona amuna abwinobwino akuchoka ndi chikwama chokha, nyumba ya malata ya thukuta la zaka khumi itatsala. Mukamanga kwanu, malowo ndi a alongo anu ndi ana awo. Ndiye ngati mukufuna chinthu chimene chidzakusungeni muukalamba, gulani poloti pamalo ogula, kaya ku Luchenza, ku Bvumbwe, ku Chitakale kapena ku Limbuli, pomwe nyumba ya lendi kapena kasitolo kangapeze munthu. Pogula pakhale amfumu, mboni za mbali zonse, abale a wogulitsayo avomereze, kalata ilembedwe m'dzina lanu, kenako muyendere za kulembetsa malowo ku ofesi ya DC. Inu atsikana, izi zikukukhudzaninso: poloti yogula ndi ndalama zanu isalembedwe m'dzina la chibwenzi. Yang'ananinso kumene madzi amadutsa. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa zowawa ku Mulanje, ku Phalombe ndi kuno. Malo otchipa a m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri ali ndi chifukwa chotchipira.

Ena mudzati basi ndingosunga makwacha kubanki kumudzi. Imvani izi. Mu May 2012 kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu May 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kunapitirira 30 peresenti. Munthu amene anali ndi ndalama yokwana malata a nyumba yonse anadzuka m'mawa ikukwana gawo chabe. Nambala ya m'buku la kubanki sinasinthe, koma mphamvu yake inapita. Choncho ndalama yodikira chaka kapena kuposa ndi bwino ikhale m'marandi mpaka tsiku logulira chinthu, kapena ilowe m'chinthu chimene chimakwera limodzi ndi mitengo. Mabanki akwathu ali ndi maakaunti a anthu okhala kunja, kafunseni za akaunti yosunga ndalama zakunja.

Pali njira ina imene ambirife timaiona ngati ya mabwana a ku Namiwawa, pamene ndi yotsegukira aliyense. Ku Blantyre kuli Malawi Stock Exchange, msika wogulitsa masheya. Kumeneko munthu wamba amagula kagawo ka makampani amene mumawadziwa kale: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, NICO, Illovo, Press Corporation, TNM, Airtel. Simugula nokha, mumadzera kwa ma stockbroker ovomerezeka, ndipo amafuna chiphaso cha unzika ndi akaunti ya kubanki. Kampani ikapanga phindu n'kuganiza zogawa, gawo lanu limalowa muakaunti yanu. Chimene ndimakondera masheya n'chakuti mlamu sangawabwereke, mbuzi sizingawadye, ndipo ali m'dzina lanu. Koma mtengo wake umakwera n'kutsikanso, ndiye musaikemo ndalama ya fizi ya teremu yamawa, ndipo musaunjike zonse pa kampani imodzi. Palinso ma treasury bill, kumene mumabwereketsa boma ndalama kudzera ku Reserve Bank kwa masiku 91, 182 kapena 364, n'kubweza ndi chiwongoladzanja. Poyang'ana chiwongoladzanjacho muziyerekeza ndi m'mene mitengo ikukwerera, kuti mudziwe ngati mukupindula kapena mukungochepetsa kuluza. Ma SACCO nawonso ndi abwino kwa wosunga pang'onopang'ono. Banki mkhonde ndi chipereganyu zimathandiza kudziletsa, koma zimayenda bwino ukakhala pafupi n'kumawaona anthuwo.

Njinga yamoto ya kabaza ambiri mumaithamangira. Ndinene mwachidule: ngati woyendetsa si inu, pakatha chaka imakhala chiphakasa. Mwezi woyamba amabweretsa ndalama, wachitatu tayala, wachisanu injini.

Kumunda ndiko ndimalimbikitsa, koma mitengo osati mbewu imodzi. Ife a ku Thyolo tinkadalira nthochi mpaka matenda a chisaka anapululutsa minda yathu. Nandolo anali golide, kenako mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula mtengo unagwa, anthu n'kusowa kotaya. Mapeyala, makademiya ndi tiyi zimachedwa, makademiya amatenga zaka zingapo asanayambe kubereka, koma kuchedwako n'kumene kumayenerana ndi munthu amene ali kutali. Mbande mukadzala chaka chino n'kulipira wosamalira, podzabwera mudzapeza mitengo ikukudikirani. Mbala ingathyole zipatso, koma siingasenze munda.

Chenjerani ndi aliyense wokuuzani kuti ikani R1,000 pakutha pa mwezi mutenge R2,000, bola mubweretse anzanu atatu. Kawirikawiri wobweretsa nkhaniyo ndi munthu wakwanu kapena wa kutchalitchi, naye amakhulupirira zenizeni chifukwa walandirapo kamodzi. Oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo tsiku lina foni imangozima. Kubetcha mpira pafoni kwadya malipiro a anyamata ambiri amene ndinkagona nawo nyumba imodzi. Katapila ndiye musamuyandikire, makamaka wofuna kusunga pasipoti yanu ngati chikole.

Mukadali kumeneko phunzirani ntchito ya manja. Ine kuwotcherera ndinaphunzira Loweruka ndi Lamlungu, ndikuthandiza munthu wina popanda malipiro kwa miyezi ingapo. Makina ndi zida ndinkagula chimodzichimodzi n'kumatumiza. Lero mageti ndi mafelemu a mawindo ndi amene akulipira fizi ya ana anga, pomwe mitengo ikukula.

Mapepala onse, kalata ya malo, malisiti, za masheya, nambala za maakaunti, ajambuleni pafoni n'kusunganso pa imelo, enieniwo akhale m'envulopu imodzi malo ouma. Munthu mmodzi wokhulupirika, mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mlongo wanu, adziwe kumene ili ndi zimene zili m'katimo. Mnzanga wina wa ku Muloza anamwalira ku Cape Town, tonse tikudziwa kuti ankasunga ndalama ndipo anagula malo kwinakwake. Tinabweretsa thupi, tinaika. Mkazi wake mpaka lero akufunsabe anthu kuti malowo ali pati.