Funsani Dokotala: Kodi mapiritsi a tulo a mnzanga ndi amphamvu kuposa anga?

Adokotala, ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Ndimadzuka m'bandakucha kukadikira takisi, koma usiku ndimangotembenuka pabedi. Kukiliniki anandipatsa zopiclone, sindikuona kusintha kwenikweni. Mnzanga wa kutchalitchi amamwa zolpidem ndipo akuti amagona tulo tofa nato. Akufuna andigawireko. Ndilandire?
Mayi wa ku Rosettenville

Mayi, chonde musalandire. Zolpidem kuno ku South Africa ali pa Schedule 5, amaperekedwa ndi kalata ya dokotala basi, ndipo kuphatikiza mapiritsi awiriwa kungakusiyeni muli chizwezwe m'mawa pamene mukudutsa misewu ya mu Joni.

Umboni wa mnzanuyo ndi wa munthu mmodzi, ndipo pa nkhani ya tulo anthu timasiyana kwambiri. Mu 1908, William Gosset, yemwe ankagwira ntchito pakampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, anasanthula ziwerengero za odwala khumi omwe aliyense anamwetsedwa mitundu iwiri ya mankhwala a tulo pa masiku osiyana. Mtundu woyamba unawonjezera tulo ndi mphindi 45 tikagawa mofanana pa onse khumi, wachiwiri maola awiri ndi mphindi 20. Koma taonani za mtundu woyambawo: wodwala mmodzi anagona maola oposa atatu ndi theka kuposa masiku onse, pamene anayi anagona mocheperapo kusiyana ndi usiku womwe sanamwe kanthu. Mukanakumana ndi mmodzi uja, akanakulumbirirani kuti mankhwalawo ndi abwino zedi. Njira yowerengera yomwe Gosset anapeza, yotchedwa t-test, ikugwirabe ntchito mpaka lero posiyanitsa mphamvu yeniyeni ya mankhwala ndi mwayi chabe.

Nanga mapiritsi a masiku ano? Mu 2012 magazini ya zachipatala ya BMJ inaphatikiza kafukufuku 13 wokhudza anthu 4,378 pa mankhwala a m'banja la zolpidem. Omwe anamwa mankhwala enieni ankagona msanga ndi mphindi pafupifupi 22 poyerekeza ndi omwe anapatsidwa piritsi lopanda mankhwala, ndipo a piritsi lopanda kanthu aja nawonso anathandizikako ndithu. Mphindi 22 si zachabe kwa munthu wotopa, koma ine sindingalole kuti muike moyo pachiswe chifukwa cha zimenezo. Azimayi thupi lawo limachedwa kuchotsa zolpidem, n'chifukwa chake mu 2013 bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linatsitsa mlingo wa azimayi kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg. Anthu ena akamwa zolpidem amayenda, kuphika ngakhale kutuluka panja ali m'tulo, osakumbuka kalikonse kukacha.

Chomwe ndikufuna kudziwa ndi chomwe chikukulandani tulo. Kodi ndi maganizo a lendi, mapepala, ana omwe munawasiya kumudzi? Kodi mumamwa tiyi kapena khofi madzulo, kapena kuchezera pa WhatsApp ndi abale? Kwa sabata ziwiri lembani nthawi yomwe mwagona ndi yomwe mwadzuka, mubwerere nalo pepalalo kukiliniki ndipo mufunse za CBT-I, chithandizo chokonza kagonedwe popanda mapiritsi. Ngati mwamwa zopiclone kwa sabata zingapo, musasiye mwadzidzidzi. Adokotala anu akuchepetsereni pang'onopang'ono.