Funsani Azakhali: Akuti mayi anga ndi mfiti

Azakhali,
Mayi anga ali ndi zaka 78, ndimakhala nawo kwa Santhe. Amati akangomaliza kudya nsima, mbale zisanatsukidwe n'komwe, ayamba kudandaula kuti tikuwamana chakudya. Sabata yatha anatuluka usiku. Tinakawapeza m'bandakucha atakhala m'chigafa cha fodya cha eni ake, akuti akudikira bambo, omwe anatisiya mu 2009. Pano anthu akunong'onezana kuti amatamba. Nditani?
Wodandaula, Kasungu

Mwanangu,
Umenewo si ufiti. Zikufanana ndi matenda a ubongo otchedwa dementia, ndipo mwa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala ndi mtundu wa Alzheimer. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono. Za lero zimayamba kufufutika, zakale n'kutsala. N'chifukwa chake kwa iwo bambo ako akadalipo.

Pita nawo kuchipatala chachikulu cha Kasungu akawapime, poti shuga kapena matenda a chikhodzodzo nawonso amasokoneza mutu wa okalamba. Dementia yeniyeni ilibe mankhwala ochiziratu.

Akafunsa za bambo, usawakumbutse za maliro, amalira ngati uthenga wafika kumene. Afunse mmene anakumanirana, udzamva nkhani zomwe sunazimvepo. Chakudya uziwapatsa pang'ono koma kangapo. Pachitseko mangirira zitini kuti akamatsegula usiku uzimva.

Za mphekeserazo usazengereze, zimathera poipa. Kawauze a mfumu mawa lomwe. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti. Ndipo abale akowo ali kuti? Azibwera kudzakulandirako, nawenso uzigona tulo.