Watopa chabe mdzukulu wanga, chikhulupiriro sichinathe

Mdzukulu wina wandifunsa kuti agogo, ntchito yomwe ndinaipempherera zaka ziwiri ija pano ikundiliza, mashifiti ausiku, abwana kungokalipa tsiku ndi tsiku, ndikupemphera koma palibe chikusintha, nde kuti chikhulupiriro changa chatha eti?

Ayi iwe, sichinathe. Watopa basi. Akulu anati walira mvula walira matope, matopewo ndi amene ukupondawa, sikuti Mulungu wakutaya.

Ukamawerenga za Nehemiya usamangothamangira poti linga la Yerusalemu linatha m'masiku 52 paja, kaone mutu 4. Anthu aja anayamba ndi moto ndithu, adani awo Sanibalati ndi Tobiya akuwaseka kuti olo nkhandwe itakwera pamenepo ligumuka, iwo osatekeseka. Koma linga litafika theka mpamene anayamba kudandaula okha kuti osenza katundu mphamvu zatha, zibuma zachuluka, sititha ife. Waona? Mtima umagwa pakatikati, chisangalalo choti ndapeza ntchito chija chitazilala komanso kumapeto kusakuoneka. Iwe uli pamenepo. Nde Nehemiya anatani, anapemphera inde koma anaikanso alonda usana ndi usiku, wosenza katundu dzanja lina pantchito lina lagwira chida. Achinyamata inu mumafuna pemphero lizikugwirirani zonse, olo kukalankhula ndi abwana mwaulemu kuti mashifiti akuchulukira mukuti Mulungu akanene yekha.

Ine ndikadali ndi mphamvu zanga ndinkafika kunyumba m'manja muli matuza okhaokha, nkukhala pa bedi nditavula nsapato imodzi, inayo osaivula mpaka tulo kundiba. Pemphero langa linali loti Ambuye mawa mundidzutse, basi. Nthawi imeneyo ndinkachita nalo manyazi kuti lafupika, pano ndimaona kuti linali lokwana.

Eliya weniweniyo atathawa Yezebeli anakakhala pansi pa kamtengo m'chipululu nkupempha kuti afe. Mneneri wamkulu ameneyo! Mulungu sanamukalipire ayi, anamusiya agone, mngelo nkumudzutsa kawiri konse kuti adye amwe chifukwa ulendo unali wautali, masiku 40 mpaka ku phiri la Horebu. Kumeneko ndi komwe anauzidwa kuti kuli anthu 7,000 osagwadira Baala, iye akuti ndatsala ndekhandekha. Munthu wotopa amawerenga molakwika, nchifukwa chake ndikuti kalata yosiyira ntchito usalembe ukungoweruka kumene maso ali psuu.

Mwina ntchitoyo udzaisiyadi, zimenezo sindikuletsa, kuli ntchito zina zodya munthu. Koma sabata ino uyambe wagona mokwanira, foniyo uziyiika patali, ndipo upeze mnzako mmodzi wopemphera amene ungamuuze zoona osati zija zoti tili bwino mwa Ambuye pamene mkatimu mukuwira. Ukatero udzandiuze zayenda bwanji, za abwanawo tidzakambirana bwino utapuma.