Goldfish yanu yoyandamayo musaithamangire ndi mankhwala

Mayi, ndawerenga funso lanu. Mwati nsomba yanu ya goldfish ya mtundu wa oranda ikungoyandama pamwamba pa madzi, ikayesa kutsika imabwereranso m'mwamba, ndipo nthawi zina ikupendekeka mpaka kugona chagada. Mwatinso chakudya ikudyabe, ndiye mukufuna dzina la mankhwala oti mugule. Ndaona ena akuuzani kale kuti muthire mchere, ena ati maantibayotiki. Ine ndingoti dikirani kaye, musathire kalikonse m'thankimo. Mavuto amene amayandamitsa nsomba ndi angapo, ndipo ambiri mwa iwo safuna mankhwala a m'botolo.

Yambani mwakhala pansi pafupi ndi thanki n'kuiyang'anitsitsa, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Nsomba imene ikusowa mpweya imakwera yokha pamwamba, thupi lili bwinobwino, kukamwa kuli yasayasa, makha akugunda mofulumira. Mukasendeza dzanja imathawira pansi popanda kuvutika. Imeneyo vuto lake lili m'madzi: mpweya wachepa, kapena muli poizoni, kapena tizilombo taluma makha. Mukaona zotere sinthani theka la madzi lero lomwe, ndipo muonjezere thovu la mpweya, makamaka ngati kwatentha, poti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Koma yanuyo, malinga ndi mmene mwafotokozera, ikulimbana kuti itsike n'kumalephera, ngati botolo lopanda kanthu limene mwalikankhira pansi pa madzi. Apa ndiye tikunena za kathumba ka mpweya, swim bladder.

Kathumbaka kali m'mimba cha kumsana, ndipo mwa goldfish kali ndi zigawo ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Ndiko kamathandiza nsomba kuima pakati pa madzi osamira kapena kuyandama. Kali ndi kanjira kopyapyala kolumikizana ndi kummero, n'chifukwa chake goldfish imatha kumeza mpweya kapena kuulavula. Nsombazi zinayamba kuwetedwa ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo kuchokera ku nsomba za m'tchire za thupi lalitali, zamtundu wa carp. Oweta anakhala akusankha zazifupi ndi zonenepa mpaka kunatuluka ma oranda, ryukin, ranchu, pearlscale ndi fantail. Kukongolako kunabwera ndi vuto lake: thupi linafupika koma ziwalo ndi zomwe zija, ndiye matumbo, impso ndi kathumba ka mpweya zonse zili thithithi m'malo ochepa. Komanso goldfish ilibe chifu chenicheni, chakudya chikachoka kummero chimangolowa m'matumbo. Ikadya kwambiri, matumbo amatupa n'kupanikiza kathumba kaja. Nthawi zambiri kathumbako kamakhala kalibe vuto n'komwe, mpweya umene ukuikweza m'mwamba umakhala uli m'matumbo. Ngati nsomba yanu imayandama ikangotha kudya, koma m'mawa isanadye imasambira bwinoko, mwapeza kale mbali yaikulu ya yankho.

Ngakhale zili choncho, musanakhudze za chakudya, yezani madzi. Pano ndimalimbikira kwambiri chifukwa anthu ambiri amadumphapo. Madzi akhoza kuoneka oyera mbee koma ali ndi poizoni, poti amoniya alibe mtundu. Goldfish imadya kwambiri n'kuipitsanso kwambiri, ndipo zoipazo zimasanduka amoniya. Mabakiteriya abwino okhala mu fyuluta amasandutsa amoniya kukhala nitrite, kenako nitrate. Zoyezera zanu zionetse amoniya 0, nitrite 0, ndipo nitrate asapitirire mamiligalamu 40 pa lita, akakhala pansi pa 20 ndiye bwino koposa. Zoyezera zamadontho zimanena zoona kuposa timapepala tonyika tija. Ngati mulibe choyezera chilichonse, ingoganizani kuti madziwo ndi oipa, musinthe gawo limodzi mwa magawo atatu lero, mawa muchitenso chimodzimodzi.

Posintha madzi samalani zinthu ziwiri. Madzi atsopano afanane kutentha ndi a m'thanki, chifukwa kuzizira kodzidzimutsa pakokha kumatha kuisokoneza nsomba. Ndipo ngati ndi a pampopi, muthire mankhwala ochotsa klorini. Kuwasiya m'ndowa usiku wonse kumachotsa klorini wamba, koma chloramine, imene malo ena amathira m'madzi akumwa, siichoka mwa njira imeneyo. Siponji ya mu fyuluta musaitsukire pampopi, muzingoifinya m'madzi akale amene mwachotsa m'thanki, apo ayi mupha mabakiteriya aja n'kuyambitsa vuto lina pamwamba pa loyambali.

Simunanene kukula kwa thanki yanu. Ngati ndi kambale kagalasi kozungulira kaja, ndinene mosabisa, nsombayo izingodwaladwala ngakhale muichize bwanji. Oweta ambiri amawerengera malita pafupifupi 75 kwa goldfish imodzi yathupi lozungulira, n'kuonjezera malita 40 pa ina iliyonse, ndipo fyuluta ikhalepo.

Madzi akakhala bwino, isiyeni ndi njala masiku atatu. Osaipatsa kalikonse. Idzabwera pagalasi n'kumagwedeza mchira ngati yatsala pang'ono kufa, koma musagonje, goldfish imapempha chakudya ngakhale itakhuta, ndipo nsomba yaikulu masiku atatu siingavulale nawo. Uzaninso ana ndi ena onse a m'nyumba, chifukwa kawirikawiri nsomba yodzimbidwa imakhala ikudyetsedwa ndi anthu angapo, aliyense akuganiza kuti ndi iye yekha. Pamasiku amenewa yang'anani kutentha kwa madzi. Pakati pa madigiri 20 ndi 23 ndi pabwino kwa oranda. Madzi akazizira kwambiri matumbo amagwira ntchito pang'onopang'ono, ndiye ngati muli ndi chotenthetsera kwezani pang'onopang'ono, digiri imodzi patsiku. Muziyang'ananso ngati ikuchita chimbudzi. Chimbudzi chachitali chokhala ndi timathovu, chimene chikuyandama, ndi umboni woti m'matumbo munali mpweya.

Tsiku lachinayi ipatseni nsawawa zobiriwira. Muziwiritse mpaka zifewe, popanda mchere, muchotse khungu lakunja, muziduledule tizidutswa tosaposa diso la nsombayo. Nsawawa imodzi kapena ziwiri patsiku zakwana, kwa masiku awiri kapena atatu. Zam'chitini musagwiritse ntchito chifukwa zambiri amathiramo mchere. Ngati ikulephera kutsika kukatola pansi, igwirireni kachidutswako ndi zala zotsuka bwino, zopanda sopo kapena mafuta odzola, pansi pang'ono pa madzi. Anthu amatamanda nsawawa ngati kuti ndi mankhwala a vuto lililonse, koma ine ndimaona kuti ntchito yaikulu imagwiridwa ndi njala ija ndi madzi abwino. Ubwino wa nsawawa ndi woti n'zofewa, zimamira, ndipo zimathandiza kukankha zotsalira m'matumbo. Ngati vuto lili m'impso kapena ndi chotupa, sizingachite kanthu.

Ikayamba kusambira bwino, musabwerere ku kadyetsedwe kakale. Zakudya zopyapyala zoyandama zija zimachititsa nsomba kudyera pamwamba n'kumameza mpweya. Sinthani mugule timibulu tomira, muzitinyika kaye m'madzi a m'thanki kwa mphindi zochepa, ndipo muziipatsa zoti imalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri, kawiri patsiku. Masamba ofewa owiritsa monga sipinachi ndi abwino apo ndi apo, daphnia (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi) nayenso amathandiza matumbo. Buledi ayi.

Pali chinthu china chimene chimapha nsomba zoyandama anthu asanazindikire: khungu. Mbali ya thupi imene yatulukira kunja kwa madzi imauma, imafiira, kenako pamabuka chilonda, ndipo mabakiteriya amalowera pomwepo. Vundikirani thanki kuti mpweya wa pamwamba pa madzi ukhale wachinyezi, koma siyani mpata pang'ono. Ngati msana kapena mimba ikungokhala kunja, mukhoza kuyala kaneti kofewa pansi pang'ono pa madzi kuti nsombayo izitsamira pamenepo thupi lonse lili m'madzi. Chepetsani mphamvu ya madzi otuluka mu fyuluta kuti asamaikankhe uku ndi uku, koma osaizimitsa. Ngati zinzake zikuijompha, ipatuleni. Mwina mwaonapo pa intaneti nsomba zovekedwa tizingwe ndi tinthu tolemera kuti zitsike. Zimaoneka zanzeru, koma zimapukusa choterera chimene chimateteza khungu, ndiye popanda dokotala musayese.

Za mchere uja, mchere wothira m'zakudya suchiza kudzimbidwa. Umene oweta amagwiritsa ntchito pa nsomba yotupa ndi Epsom salt, umene ndi magnesium sulphate, wopanda zonunkhiritsa. Amausungunula m'chidebe chapadera, supuni yaikulu imodzi pa malita 4 a madzi a m'thanki, n'kuikamo nsomba kwa mphindi pafupifupi 15 ali pomwepo, ikayamba kufooka amaibweza msanga. Ine ndingakuuzeni kuti muyambe mwaona zotsatira za njala ndi nsawawa, chifukwa kuigwiragwira ndi kuisamutsa nakonso kumaitopetsa.

Tsopano zizindikiro zimene zikutanthauza kuti nkhaniyi yapitirira za m'matumbo. Iyang'aneni kuchokera pamwamba. Ngati mamba atukuka n'kuima m'malo mogona pathupi, ndiye kuti m'thupi mwadzaza madzi, kawirikawiri chifukwa impso zalephera, ndipo nsomba zambiri zikafika apa sizichira. Maso otuzuka amene kale sanali otero, mizere yofiira m'zipsepse, zilonda, mimba yotupa mbali imodzi, kapena kukana chakudya, zonsezi zikuloza ku matenda a mabakiteriya, zotupa za m'impso, kapena mazira amene akanirira mwa yaikazi. Chimodzimodzinso ngati sabata yatha madzi ali bwino, njala mwaisungitsa, koma palibe kusintha. Apa funani dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba. Iye amatha kuijambula X-ray n'kuona ngati kathumba katupa, kasunthira pena, kapena kalowa madzi, ndipo nthawi zina amachotsa mpweya ndi singano nsomba itagonetsedwa ndi mankhwala. Inu musayerekeze kuiboola nokha. Maantibayotiki nawonso asankhe ndi dokotala. Ongothira m'thanki mwachisawawa amapha mabakiteriya a mu fyuluta, amoniya n'kukwera, nsomba yodwala kale n'kumasambira m'poizoni.

Dziwaninso kuti ma oranda ena amakhala nalo vutoli moyo wawo wonse chifukwa cha mmene thupi linapangikira. Limatha, n'kubweranso akangodya mopitirira. Nsomba yotere, ngati ikudya, ilibe zilonda ndipo imatha kudziwongola, ikhoza kukhala zaka zambiri, poti goldfish yosamalidwa bwino imafika zaka 10 mpaka 15. Koma ikafika pongogona chagada usana ndi usiku, osadya, thupi lili zilonda zokhazokha, funsani dokotala za njira yoiphera mosaizunza, monga ya mafuta a clove. Osaitaya m'chimbudzi ili moyo, ndiponso osakaisiya mumtsinje kapena m'dziwe, chifukwa ikhoza kupatsira matenda nsomba za mmenemo, ndipo ikapulumuka imaswana n'kuononga malowo.

Mukatha kuyeza madzi, lembani pansipa manambala atatu aja a amoniya, nitrite ndi nitrate, kukula kwa thanki m'malita, kuchuluka kwa nsomba zimene zilimo, ndi mtundu wa chakudya chimene mumazipatsa. Muikenso chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba kuti tione mmene mamba alili.