Kodi Raging Bull ndi yomuonetsa mwana amene akuphunzira nkhonya?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya bambo wina amene mphwake wa zaka 15 wayamba kuphunzira nkhonya. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Ndimamva anthu akuti Raging Bull ndiye mfumu ya mafilimu a nkhonya. Ndimuonetse mwanayu kuti alimbe mtima? Nanga zimene zili m'menemo zinachitikadi?"

Achimwene, musamuonetse kaye. Yambani mwaionera nokha, ana atagona.

Filimuyi inatuluka mu 1980. Anaikonza ndi Martin Scorsese, potengera buku limene Jake LaMotta analemba mu 1970 lonena za moyo wake. LaMotta anakulira ku Bronx, mumzinda wa New York, ndipo anatenga lamba wa dziko lonse lapansi wa middleweight (gulu la olemera mwapakatikati) mu 1949 atagonjetsa Marcel Cerdan wa ku France ku Detroit. Mukamva zimenezi mungaganize kuti ndi nkhani ija tinaizolowera, ya mwana wa m'komboni amene wavutika mpaka kunyamulidwa pamapewa. Ngati mukufuna yoteroyo, ndi Rocky ya 1976 ija, imene ndi yopeka. Ino ayi. Pa maola awiri ndi mphindi zingapo, nkhonya za mu ring'i n'zochepa kwambiri. Zambiri zimaponyedwa kunyumba.

Chakumayambiriro kwenikweni, Jake akukalipira mkazi wake woyamba chifukwa cha nyama imene ili pamoto, akuti aipsereza. Nyamayo itafika, akugubuduza tebulo. Kenako akwatira Vickie, amene anakumana naye ali kamtsikana, ndiye nsanje imayamba kumudya ngati chiswe. Tsiku lina Vickie anangotchula modutsa kuti Tony Janiro, amene Jake amayembekezera kumenyana naye, ndi wooneka bwino. Basi, mawu omwewo. Jake anakalowa mu ring'i n'kuiphwanya dala nkhope ya mnyamatayo. Pamapeto pake akufika poganizira mng'ono wake Joey kuti akuyenda ndi mlamu wake, n'kukamumenya ali pachakudya, ana akuona. Ine malo amenewa ndimalephera kuwaonera kawiri, ngakhale kuti mulibe magazi ambiri ngati a mu ring'i.

Chimene chinkamuchititsa LaMotta kukhala woopsa sichinali luso la mapazi kapena kuzinda. Ankatha kupirira chibakera. Ankangobwerabe kutsogolo, mutu uli pansi, mnzake akumusambitsa. Anamenyana ndi Sugar Ray Robinson maulendo 6, n'kupambana kamodzi kokha, mu 1943, ndipo aka kanali koyamba Robinson kugonja chiyambire nkhonya zolipidwa. Ulendo womaliza unali wa pa 14 February 1951 ku Chicago, pamene woimbira anaimitsa nkhondo m'raundi ya 13. M'filimumu Jake wayedzamira zingwe, manja ali pansi, akulandira zibakera ngati munthu amene akudzilanga yekha.  Ndiye akudzandira kupita kwa Robinson kukamunyadira kuti sanamugwetse, kenako kamera imaima pa chingwe chimene chikudontha magazi. Lamba wapita, nkhope yatupa ngati dzungu, koma iye chomwe wagwira ndi chakuti sanagwe. Mwana wa zaka 15 akaona pamenepa, ndikuopa kuti adzatola phunziro lolakwika, lakuti mwamuna ndi amene amakunga chibwano. Mphunzitsi wake wa nkhonya, ngati ndi wabwino, akumuuza zosiyana tsiku lililonse: manja m'mwamba, mutu uziyenda.

Zoti zinachitikadi? Zikuluzikulu inde. Nkhondo ya 1947 yolimbana ndi Billy Fox, imene Jake akugonja dala kenako n'kukalira m'chipinda chovalira, ndi yoona. Anachita zimenezi kuti zigawenga zimene zinkalamulira nkhonya nthawi imeneyo zimupatse mwayi wolimbirana lamba, ndipo mu 1960 anavomera yekha pamaso pa komiti ya Senate ya ku America. Zotsegula malo omwera mowa ku Miami n'kukalowa m'ndende ndi zoonanso. Pamene anasinthapo ndi pa Joey: munthu amene Joe Pesci akusewera anamuumba pophatikiza mng'ono weniweni wa Jake ndi mnzake wina wapamtima. LaMotta mwiniwakeyo anakhala nthawi yaitali, anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 95.

Musadabwe mukaona kuti ilibe mitundu, TV yanu ili bwinobwino. Scorsese anasankha dala zakuda ndi zoyera, monga mmene anthu a m'ma 1940 ankaonera nkhonya pa kanema. Mitundu imangobwera pakanthawi kochepa, pa timakanema ta pabanja ta ukwati ndi ana, nthawi yokhayo imene banjali likuoneka losangalala. Kamera anailowetsa mkati mwa ring'i m'malo moisiya kwa oonerera, n'chifukwa chake chibakera chimamveka ngati chagwera inuyo. Thelma Schoonmaker, amene analumikiza zithunzizi, analandira mphoto ya mafilimu ya Oscar. Winanso anali Robert De Niro, wosewera ngati Jake, amene anaimitsa ntchito yojambula kwa miyezi ingapo n'kukadya mpaka kunenepa ndi makilogalamu pafupifupi 27 kuti afanane ndi Jake wokalamba, wamimba, wonena nthabwala zosaseketsa m'mabala. Mphoto ya filimu yopambana chaka chimenecho inapita kwa ina, Ordinary People, ndipo okonda mafilimu mpaka lero amakanganabe za chimenechi.

Kuwonjezera apo, zotukwana zilimo zodzaza dengu, ndipo ku America anaiika m'gulu la mafilimu a akuluakulu. Mphwanuyo pakali pano mufufuzireni pa YouTube nkhondo yeniyeni ya 1951 ija. Mumuuze asayang'ane LaMotta. Ayang'ane mapazi a Robinson ndi dzanja lake lamanzere.