Dzina la ku England, fakitale ya ku China: kodi mwapusitsidwa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku Leeds. Akuti anasunga ndalama miyezi ingapo, n'kugula masipika a Wharfedale. Atawatembenuza kuti alumikize mawaya, anaona kachizindikiro kumbuyo konena kuti anapangidwa ku China, mtima n'kugwa. Funso lawo ndi ili: "Kodi makampani a zoimbira zodulawa amapangadi okha katundu wawo, kapena amangogula kunja n'kumatapo dzina? Kodi andipusitsa?"

Achimwene, khazikani mtima pansi, simunagule feki. Wharfedale inabadwiradi komwe muliko ku Yorkshire mu 1932, m'manja mwa Gilbert Briggs, koma kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 eni ake ndi International Audio Group, kampani imene mafakitale ake ali ku China ndipo ilinso ndi Quad, Mission ndi Audiolab. Sipika yanuyo sanaitole pashelefu ya munthu wina ayi. Anaikonza ndi mainjiniya awo, n'kuipangira m'fakitale yawo yomwe. KEF nayo ndi chimodzimodzi: inayamba mu 1961 ku Maidstone, eni ake kuyambira 1992 ndi a Gold Peak a ku Hong Kong, masipika odulitsitsa monga Blade amalumikizidwabe ku Maidstone pomwe ena ambiri amachokera ku China. Kampani inanso ya masipika, Bowers & Wilkins, imapangira masipika ake odula a gulu la 800 ku Worthing, ku England, pomwe otsikirapo mtengo a gulu la 600 imapangira ku China.

Koma mantha anuwo ali ndi pochokera. Mu 2010, a Audioholics, amene amalemba zowunika zoimbira ku America, anatenga makina oonetsera Blu-ray a Lexicon BD-30, a mtengo wa madola 3,500, n'kumasula chivundikiro. M'kati mwa bokosi lokongola la aluminiyamu anapezamo Oppo BDP-83, makina a kampani ina, ogulitsidwa madola 500 basi. Sikuti anangobwereka kachipangizo kamodzi kapena tiwiri. Oppo yonse, ndi chimango chake chomwe, inali phee m'katimo ngati munthu wovala jekete la mnzake. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma apa nyerere munalibe: Oppo ija inali makina abwino kwambiri. Chopweteka n'chakuti madola 3,000 apamwambawo wogula amalipirira bokosi ndi dzina. Kumeneko ndiye kumata dzina, ndipo ine sindikukhululukira.

Pakati pa ziwirizi pali mchitidwe wina umene anthu amakangana nawo usiku wonse. Pafupifupi palibe kampani imene imapanga chilichonse yokha. Tchipi tosandutsa manambala kukhala mawu timachokera kwa makampani ochepa monga ESS ndi AKM, moti fakitale ya AKM ku Nobeoka, m'dziko la Japan, itapsa mu Okutobala 2020, opanga zoimbira ambiri anasowa pogwira, ena mpaka kukonzanso makina awo kuti alowemo tchipi tina. Ma amplifaya (makina okweza mawu) ambiri a mtundu wa Class D, wosadya magetsi ambiri, m'kati mwake mumakhala bolodi ya Hypex ya ku Netherlands, kapena ICEpower ndi Purifi za ku Denmark. Kampani ya ma amplifaya ya NAD sibisa n'komwe: ikaikamo Purifi, imalemba poyera. Ine apa sindionapo chinyengo. Telala saluka yekha nsalu, koma suti yake timaitchabe yake. Vuto limabwera pamene bolodi yomweyo mwaipeza m'mabokosi awiri, lina mtengo kuwirikiza kangapo, wogulitsa n'kumayankhula mozungulira mukamufunsa chimene awonjezerapo.

Opangira kwawo alipo ndithu. McIntosh, kampani ya ma amplifaya yodziwika ndi mamita abuluu, imakulunga yokha matransifoma ake ku Binghamton, m'chigawo cha New York. Rega imapangira zoimbira malekodi ku Southend-on-Sea. Mukafuna zoterozo mudzalipirira malipiro a antchito a kumeneko, ndipo si tchimo, bola mudziwe kuti khutu silimva dziko limene sikuluu inamangidwira.

Ulendo wina musanatulutse khadi m'sitolo, muwerenge mawu akumbuyo bwinobwino, chifukwa "Designed in" ndi "Made in" si chinthu chimodzi. Kenako mufufuze pa intaneti zithunzi za makinawo atatsegulidwa. Pafupifupi chilichonse chodula wina anachimasulapo n'kujambula. Wogulitsayo mumufunse mosapsatira kuti bolodi ya m'katimo ndi ya ndani, nanga ikafa pakatha zaka zisanu adzakonza ndani.

Masipika anuwo asungeni. Ingowasunthani pang'ono kuchoka kukhoma, muwalozetse kumene mumakhala, ndipo mundilemberenso kuti mukuwaimbitsa ndi amplifaya yanji, poti m'imelo yanu simunatchule.