Akuti andiyikire i7 pa R1,800, ndilole?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Rosettenville, nde ndati ndiyankhe pompano chifukwa funso limeneli ndalimvapo kambirimbiri kwa a Malawi anzathu kuno ku Joni. Akuti ali ndi ThinkPad T430 yomwe anagula kwa munthu, mkati muli purosesa (ubongo wa kompyuta) ya i5-3320M, RAM (memory yogwiriramo ntchito) ya 4GB ndi hard disk ija yozungulira. Masana ali kuntchito, usiku amapanga kozi ya pa intaneti komanso kulemba ma invoice a kabizinesi kawo ka makeke. Laputopuyo ikumachedwa kuyaka, akatsegula Chrome ndi Zoom pamodzi basi yauma. Mnyamata wina wokonza makompyuta mtauni wawauza kuti vuto ndi purosesa, abweretse R1,800 awayikire purosesa ya i7. Alole?

Achemwali, ndalama zanuzo zigwireni kaye.

Chimodzi mnyamatayo sananame, pa T430 purosesa imachokadi. Makina amenewa ndi a 2012, nthawi imeneyo pa malaputopu ambiri purosesa inkakhala mu soketi, kumasula fani, kupotokola kasikuluwu kamodzi basi yatuluka. Koma enanu amene mukuwerenga musatengeke, zimenezi zinathera pa 4th gen (m'badwo wachinayi wa mapurosesa) ya Intel cha m'ma 2013, monga T440p ija. Kuyambira 5th gen, 2015 kubwera kuno, purosesa za m'malaputopu wamba ndi zowotcherera pa motherboard, bodi yaikulu ya mkati ija, ndipo ngati nambala ya purosesa yanu ikuthera ndi U, monga i5-4200U kaya i5-8250U, iwalani. Wina akakuuzani kuti akusinthirani purosesa pa laputopu yotero nde kuti akusintha bodi yonse, kapena akungokudyerani ndalama.

Tsono zanuzi. Mufunseni mnyamatayo kuti i7 yake iti? Apa ndi pomwe anthu timapusitsidwira, dzina loti i7 limangokoma m'khutu ngati munthu akuti ndimakhala ku Sandton osanena kuti mu kachipinda ka kuseri kkkk. Pali i7-3520M, imeneyi ili ndi ma core (timainjini ta mkati mwa purosesa) awiri okha chimodzimodzi i5 yanuyo, kusiyana kwake nkwakuti yanu imayenda pa 2.6GHz iyo 2.9GHz. Ndikulumbira simudzaona kusiyana polemba invoice. Yomwe imasinthadi zinthu ndi ya ma core anayi, zija zothera ndi QM, koma zambiri mwa izo ndi za 45W pomwe fani ya makina anuwo inapangidwira purosesa ya 35W. Ilipo i7-3632QM ya ma core anayi pa 35W, imeneyo ndiye anthu odziwa amaisaka, komabe imatenthako ndithu, ndipo ngati chaja yanu ndi ya 65W mungafunikenso kugula ya 90W.

Ine zinandionekera ndekha. Chaka china ndinagula purosesa ya 45W kwa munthu wina pa intaneti, tinakumana pa garaji ina ananditulutsira itakulungidwa mu tishu, ndinafika kunyumba mtima uli m'mwamba nkuyiyika usiku womwewo. Inayaka bwinobwino. Koma fani inkangolira osapuma, pansi pake kutentha ngati mbaula moti pamiyendo sungayiike, batire yomwe inkandipatsa maola awiri inayamba kutha ola lisanakwane, ndiye taganizani nthawi ija magetsi ankangothimathima. Choseketsa nchakuti purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, nde ndinalipira ndalama kugula liwiro loti sindinkalionanso. Patatha miyezi iwiri ndinabwezeretsa yakale ija.

Musanapite kulikonse pangani izi kunyumba konko, nzaulere. Yatsani laputopu, tsegulani zonse zomwe mumatsegula masiku onse, kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager ituluke, pitani pa Performance. Muona CPU (purosesa), Memory (RAM) ndi Disk (hard disk). Ine ndingabetche kuti Disk mukaipeza ili pa 100 peresenti, Memory yatsala pang'ono kudzaza, pomwe CPU ikungosewera cha pansi. Zikatero purosesa ilibe mlandu, ikungokhala kudikira. Zili ngati dalaivala wa taxi ali ndi Quantum yabwinobwino koma waima pa mzere pa Bree, mumupatse injini yaikulu bwanji mzerewo suyenda.

Chomwe chikukuchedwetsani ndi hard disk ija. Mkati mwake muli kambale kozungulira ndi kasingano kosaka mafayilo, ikalimbikira imawerenga mwina 100MB pa sekondi, pomwe SSD ya SATA, chosungira mafayilo chamakono cholowa m'malo mwa hard disk, imafika cha m'ma 500MB, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri tomwe Windows imatsegula poyaka kusiyanako kumaposa pamenepo chifukwa SSD ilibe chozungulira chilichonse. Gulani SSD ya 2.5 inchi, yopyapyala ya 7mm, 256GB ikukwanirani koma thumba likalola tengani 512GB. Kenako RAM. 4GB masiku ano Chrome yokha imaimaliza. T430 ili ndi malo awiri a DDR3 ndipo imalandira mpaka 16GB, inuyo 8GB ndi yokwana. Mitengo yang'anani nokha pa Takealot ndi m'mashopu chifukwa imasinthasintha, mufananize ndi R1,800 ija.

China, muuzeni mnyamatayo atsegule fani ayipukute, asinthenso thermal paste, kaphala kopaka pa purosesa kothandiza kuchotsa kutentha. Fumbi la Joburg mukulidziwa, makamaka mphepo ya mu Ogasiti ikayamba. Laputopu ina yomwe ndinatsegula potulukira mpweya panali chithonje chotuwa chokhuthala ngati bulangeti, ndinachikoka chonse nkutuluka chathunthu osaduka.

Ndiye pali nkhani ya Windows, imene kwa ine ndi yomwe ikutsekeratu mlanduwu. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna Intel ya 8th gen kupita m'mwamba ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Soketi ya T430 siingalandire purosesa yoposa 3rd gen, kaya muyike i7 yodula bwanji. Nde ndalama zaikidwa pa chinthu choti tsiku logula laputopu ina chidzatsalira momwemo, pomwe SSD mutha kudzaichotsa nkuyiika mu kabokosi ka USB kapena mu makina ena. Njira zoyikira Windows 11 mozembera zilipo inde, ena amangosiya Windows nkusamukira ku Linux Mint, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Amene ndingamulole kusintha purosesa ndi munthu woti SSD ali nayo kale, RAM yadzaza, amapanga edit mavidiyo a maukwati kapena nyimbo, Task Manager ikumuonetsa CPU pa 100 nthawi zonse, ndipo wapeza 3632QM motchipa nkutha kuyiyika yekha. Za makeke ndi Zoom ayi.

Mukapita kukayikitsa SSD sungani kaye zithunzi ndi ma invoice anu pa flash, ndipo hard disk yakaleyo musaisiye pa shopu, ndi yanu ndipo mafayilo anu ali momwemo. Pali kachitsulo kotchedwa caddy kolowa pamalo pa DVD paja, mukayika mmenemo izikhala nkhokwe yosungiramo zinthu. Mudzandilembere mundiuze kuti Disk munaipeza pa maperesenti angati.